Kusamukira ku LibreOffice: momwe zothandizira zimasanjidwira m'zinenero zambiri

Boma, kampani kapena sukulu ikaganiza zosiya Microsoft Office n'kuyamba kugwiritsa ntchito LibreOffice, kuika pulogalamu yatsopanoyo m'makompyuta ndi gawo lochepa chabe la ntchito yonse. Gawo lalikulu lili pa munthu wokhala pa desiki: kalaliki amene wazolowera kulemba makalata mwa njira imodzi kwa zaka khumi, kapena wowerengera ndalama amene sangalole kuti masamu a m'matebulo ake a malipiro asokonekere ngakhale tsiku limodzi. Anthu otere akasowa yankho m'chinenero chimene amachimva bwino, amayamba kudana nayo pulogalamuyo, ndipo posakhalitsa madandaulo awo amafika kwa akuluakulu amene anavomereza msamukowo. N'chifukwa chake gulu la anthu okonza LibreOffice limathera nthawi yochuluka pa kulemba, kumasulira ndi kusanja mabuku, malangizo ndi zipangizo zophunzitsira m'zinenero zosiyanasiyana.

Chiyambi cha pulogalamuyi ndi gulu lake

LibreOffice ndi mtolo wa mapulogalamu asanu ndi imodzi: Writer yolembera makalata ndi malipoti, Calc ya matebulo a masamu, Impress yokonzera zoonetsa pa misonkhano, Draw yojambulira, Base yosungira kaundula, ndi Math yolembera zizindikiro za masamu. Ili m'gulu la mapulogalamu aufulu. Izi zikutanthauza kuti malangizo a m'kati amene amaiyendetsa, omwe akatswiri amawatcha khodi, ndi oonekera kwa aliyense, ndipo munthu ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito, kuisintha ndi kugawira anzake popanda kulipira laisensi.

Mizu yake ili ku Germany, pa pulogalamu yotchedwa StarOffice ya kampani ya Star Division. Kampani ya ku America ya Sun Microsystems inagula Star Division mu 1999, ndipo mu Okutobala 2000 inatsegulira anthu onse khodi ya pulogalamuyo pansi pa dzina loti OpenOffice.org. Oracle itagula Sun mu 2010, ambiri mwa anthu amene ankathandiza ntchitoyi anada nkhawa ndi tsogolo lake. Pa 28 Sepitembala 2010 analengeza za bungwe lawolawo, The Document Foundation, ndipo LibreOffice yoyamba inatuluka mu Januwale 2011. Bungweli linalembetsedwa mwalamulo ku Berlin mu Febuluwale 2012.

Khodi imalembedwa ndi akatswiri olipidwa ndi makampani pamodzi ndi anthu ongodzipereka. Koma ntchito ya zinenero pafupifupi yonse ili m'manja mwa ongodzipereka, amene anagawikana m'magulu motsata chinenero: la Chijeremani, la Chifalansa, la Chitaliyana, la Chisipanishi, la Chijapani, la Chipwitikizi cha ku Brazil ndi ena ambiri. Chifukwa cha iwo, LibreOffice imapezeka m'zinenero zoposa 100, ngakhale kuti kukwanira kwa kumasulirako kumasiyana kwambiri pakati pa chinenero china ndi chinzake.

Mitundu inayi ya zothandizira

Zonse zimene bungwe losamuka limafuna zikhoza kugawidwa panayi, ndipo kasanjidwe kabwino kamayambira pa kugawa kumeneku.

Mtundu woyamba ndi mawu a m'pulogalamu momwemo: mayina a pa menyu, pa mabatani, mauthenga ochenjeza, ndi masamba a thandizo amene amatseguka munthu akadina F1. Wachiwiri ndi mabuku ophunzitsa, monga Getting Started Guide la ongoyamba kumene, Writer Guide ndi Calc Guide. Wachitatu ndi zolembedwa za atsogoleri a mabungwe ndi akatswiri awo a makompyuta: ndondomeko ya msamuko, kufananiza kwa mapulogalamu awiriwo, ndi mbiri za mabungwe amene anasamuka kale. Wachinayi ndi zida za chinenero ndi za ofesi: madikishonale oona ngati mawu alembedwa molondola, mafonti, ndi zikombole za makalata ndi mafomu, zimene munthu amangodzaza m'malo moyamba tsamba lopanda kanthu.

Mtundu uliwonse uli ndi owerenga ake, ndipo umakalamba pa liwiro lake. Mawu a pa menyu akhoza kusintha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, pamene mfundo za ndondomeko ya msamuko zimakhala zoona kwa zaka zambiri. Kuziunjika pamodzi kumachititsa kuti mlembi wamkulu wa unduna, amene akungofuna kudziwa za mtengo ndi nthawi, azisochera m'malangizo a momwe angaikire nambala pansi pa tsamba.

Kumasulira mawu a m'pulogalamu

Mawu onse a mu LibreOffice amayamba kulembedwa m'Chingerezi cha ku America. Kenako amachotsedwa mu khodi n'kuikidwa m'mafayilo otchedwa PO, m'mene chiganizo chilichonse cha Chingerezi chimakhala ndi mpata wolembapo kumasulira kwake. Womasulira safunika kudziwa kulemba khodi. Amalowa pa intaneti m'chida chotchedwa Weblate, chimene anayambitsa Michal Čihař wa ku Czech Republic, n'kumadzaza mipatayo umodzi ndi umodzi. Chidachi chimakumbukira zimene zinamasuliridwa kale, chimaonetsa m'ndandanda wa mawu amene gulu linagwirizana, ndipo chimachenjeza ngati womasulira wasiya chizindikiro chimene pulogalamu imadalira.

Vuto lalikulu pano ndi lakuti womasulira amaona mawu ali okha, osadziwa pamene adzaonekere. Mawu a Chingerezi akuti "Record" ndi chitsanzo chabwino: mu Base amatanthauza mzere umodzi wa m'kaundula, koma pa menyu ina ndi lamulo louza pulogalamu kuti iyambe kulemba zimene munthu akusintha. Zinenero zambiri zimafuna mawu awiri osiyana pamenepa. Pofuna kuthandiza, gululi limatulutsa LibreOffice yapadera imene mawu alionse a pa sikirini amakhala ndi kachizindikiro kakekake kotchedwa KeyID. Womasulira akaona cholakwika pa batani lina, amawerenga kachizindikiroko n'kukapeza chiganizo chenichenicho pakati pa zikwizikwi zina.

Nthawi nayo imayendetsedwa mwadongosolo. LibreOffice yatsopano imatuluka kawiri pa chaka, mu Febuluwale ndi mu Ogasiti, ndipo kuyambira mu 2024 nambala yake imatchula chaka ndi mwezi: 24.2 ndi ya Febuluwale 2024. Kukatsala milungu ingapo kuti ituluke, olemba khodi amaleka kusintha mawu a Chingerezi kuti omasulira apeze mpata womaliza. Chiganizo chimene chasintha m'Chingerezi chimaikidwa chizindikiro choti chiunikidwenso, ndipo ngati palibe wochiunika, wogwiritsa ntchito amaona Chingerezi pakati pa mawu a chinenero chake. Choncho chinenero chimene gulu lake lagona kwa zaka ziwiri kapena zitatu chimayamba kuoneka ngati nsalu ya zigamba.

Mabuku ndi wiki

Mabuku ophunzitsa amalembedwa ndi gulu lapadera, m'pulogalamu ya Writer yomweyo, ndipo amatuluka ndi malaisensi a Creative Commons ndi GNU GPL. Malaisensi amenewa amalola unduna kapena sukulu kutenga buku, kuchotsa mitu yosafunika, kuonjezera zitsanzo zake ndi kulisindikiza popanda kupempha chilolezo, malinga ngati yatchula amene analemba. Kumasulira buku sikuthera pa mawu. Chithunzi chilichonse choonetsa sikirini chiyenera kujambulidwanso m'chinenero chatsopanocho, ndipo dzina lililonse la batani liyenera kufanana ndendende ndi limene lili m'pulogalamu. Buku likanena "Sungani" pamene batani lalembedwa mawu ena, wophunzira amangoti kakasi.

Zolembedwa zing'onozing'ono, monga mayankho a mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri ndi m'ndandanda wa mabungwe amene anasamuka, zimasungidwa pa wiki ya The Document Foundation, pamene membala aliyense akhoza kulemba ndi kukonza. Mwambo wake ndi wosavuta: tsamba la Chingerezi limakhala tsinde, ndipo masamba omasuliridwa amatenga dzina lomwelo n'kuonjezera zilembo za chinenero kumapeto, monga de pa Chijeremani, fr pa Chifalansa ndi ja pa Chijapani. Pamwamba pa tsamba pamakhala mzere wa zinenero woti wowerenga asankhe chake.

Kasanjidwe kameneka kali ndi zofooka ziwiri. Choyamba, tsamba la Chingerezi likakonzedwa, masamba ena amatsalira, ndipo wowerenga wa chinenero china sadziwa kuti akutsatira malangizo akale. Chachiwiri n'chobisika kwambiri. Misamuko ikuluikulu yambiri yachitikira m'mayiko osayankhula Chingerezi, kotero kuti nzeru zozama kwambiri zimabadwira m'Chijeremani, m'Chitaliyana, m'Chifalansa ndi m'Chipwitikizi. Ngati palibe wozimasulira kupita m'Chingerezi, zimathera m'dziko lomwelo, ndipo a dziko lina amagwa m'dzenje limene anzawo analizindikira kale. Chingerezi m'gululi ndi mlatho, ndipo mlathowo uyenera kuwolotsa anthu mbali zonse ziwiri.

Ndondomeko ya msamuko

Pa zolembedwa za atsogoleri, chodziwika kwambiri ndi chikalata cha The Document Foundation chotchedwa LibreOffice Migration Protocol. Mfundo zake zinachokera ku misamuko imene inayenda bwino. Akuluakulu a bungwe ayenera kuvomereza msamuko poyera ndi kufotokozera antchito chifukwa chake ntchito isanayambe. Kenako pamakhala kalembera wa zikalata, zikombole, timapulogalamu ta m'zikalata totchedwa ma macro, ndi mapulogalamu ena onse amene amadalira Microsoft Office. Gulu laling'ono limayesa kaye, mavuto amakonzedwa, antchito amaphunzitsidwa, ndipo pokhapo pulogalamu imafalitsidwa kwa onse, pali anthu okonzeka kuyankha mafunso.

Pakatikati pa ndondomekoyi pali nkhani ya mtundu wa mafayilo. LibreOffice imasunga zikalata mu OpenDocument Format, mwachidule ODF, imene bungwe la OASIS linavomereza mu 2005 ndipo inakhala muyezo wa dziko lonse wa ISO/IEC 26300 mu 2006. Imatha kutsegula ndi kusunga mafayilo a Microsoft monga DOCX ndi XLSX, koma chikalata chovuta chikamapita uku ndi uku pakati pa mapulogalamu awiriwo, maonekedwe ake akhoza kusokonekera. N'chifukwa chake bungwe limalangizidwa kukhala ndi lamulo lomveka: mafayilo a m'kati akhale a ODF, zotumiza kunja zongowerenga zikhale za PDF, ndipo DOCX igwiritsidwe ntchito pokhapokha wolandira akufunika kusintha zolembedwazo. Lamulo limeneli ndi limodzi mwa zinthu zoyamba kumasuliridwa, chifukwa wantchito aliyense amakumana nalo tsiku loyamba.

The Document Foundation ilinso ndi dongosolo lopereka ziphaso kwa akatswiri a msamuko ndi kwa aphunzitsi, kuti bungwe lidziwe munthu wodalirika woti limulembe ntchito m'dziko lake ndi m'chinenero chake.

Zimene kumasulira mawu kokha sikungathetse

Zina mwa zothandizira ziyenera kukonzedwanso motsata dziko. Mu Calc, lamulo lophatikiza manambala limene m'Chingerezi ndi SUM limalembedwa SUMME m'Chijeremani ndi SOMME m'Chifalansa. Fayilo imatseguka bwinobwino m'chinenero chilichonse, popeza m'kati mwake dzinalo limasungidwa mwa njira imodzi, koma buku lophunzitsa liyenera kutchula dzina limene wophunzira adzalembe. Mjeremani amalemba 3,5 pamene Mngerezi amalemba 3.5. Ku America amagwiritsa ntchito pepala la Letter pamene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito A4. Chitsanzo chomasuliridwa popanda kusamala zinthu izi chimabala zolakwika pa sikirini ya wophunzira.

Mafonti nawo amasokoneza anthu ambiri. Chikalata cholembedwa ndi Calibri chikatsegulidwa pa kompyuta yopanda fontiyo, mizere imasuntha ndipo masamba amachuluka kapena kuchepa, munthu n'kumaganiza kuti pulogalamu yawononga ntchito yake. Mankhwala ake ndi mafonti aufulu amene zilembo zake n'zofanana kukula ndi za Microsoft: Carlito m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria, Liberation Sans m'malo mwa Arial, ndi Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman. Mfundo yaing'ono ngati imeneyi ikasowa m'malangizo a chinenero china, madandaulo amachuluka pa chinthu chotheka kukonzedwa m'mphindi zochepa.

Zimene misamuko yeniyeni yaphunzitsa

Khonsolo ya mzinda wa Munich ku Germany inagamula mu 2003 kusamukira ku mapulogalamu aufulu, pa ntchito yotchedwa LiMux, ndipo pofika mu 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka. Ntchito imene inawatengera nthawi yaitali inali ya zikombole, mafomu ndi ma macro amene nthambi iliyonse ya khonsolo inadzipangira pa zaka zambiri. Anachita kulemba chida chawochawo, WollMux, choyendetsera makalata ndi mafomu a mzindawo. Ngakhale zinali choncho, mu 2017 khonsoloyo inavota zobwerera ku Windows. Mzinda wa Freiburg, m'dziko lomwelo, unabwerera ku Microsoft Office mu 2012, antchito atadandaula za mavuto a kusinthana zikalata ndi mabungwe ena. Walira mvula walira matope: pulogalamu yopanda laisensi yolipira imafunabe ndalama za maphunziro ndi za thandizo.

Ku Italy, Unduna wa Zachitetezo unagwirizana mu 2015 ndi bungwe la ongodzipereka la LibreItalia pa ntchito yotchedwa LibreDifesa, yokhudza makompyuta oposa 100,000. Njira yawo inali yophunzitsa kaye aphunzitsi a m'kati mwa asilikali momwemo, amene kenako anakaphunzitsa anzawo, ndi kukonza maphunziro a pa intaneti m'Chitaliyana. Apa gulu la chinenero ndi limene linanyamula msamuko wa boma. Mu Epulo 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein, kumpoto kwa Germany, linalengeza kuti makompyuta ake pafupifupi 30,000 asamukira ku LibreOffice, ndipo chifukwa chachikulu chimene linapereka n'chakuti boma lizidzilamulira lokha pa zikalata ndi zinsinsi za nzika zake, osadalira kampani imodzi yakunja.

Mbiri ya Munich ndi ya Freiburg ikuonetsa chifukwa chake m'ndandanda wa mabungwe osamuka uyenera kukhala ndi madeti. Tsamba lonena kuti mzinda wakuti unasamuka, osanena kuti unabwerera pambuyo pake, limasocheretsa wowerenga ndipo limachotsera gulu lonse ulemu akazindikira zoona.

Gawo la Africa

Africa inathandiza kukonza zida zenizeni za ntchitoyi. Bungwe la Translate.org.za, limene anayambitsa Dwayne Bailey ku South Africa mu 2001, linamasulira OpenOffice.org m'zinenero za boma za dzikolo, kuphatikizapo Chizulu, Chixhosa, Sepedi ndi Afrikaans. Pogwira ntchitoyo linapanga chida chomasulirira pa intaneti chotchedwa Pootle, chimene gulu la LibreOffice linagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri lisanasamukire ku Weblate. Mu 2007 boma la South Africa linavomereza ODF kukhala muyezo wa zikalata zake.

Ku Tanzania, ntchito ya Kilinux, imene inachitika mogwirizana ndi yunivesite ya Dar es Salaam, inatulutsa OpenOffice.org ya m'Chiswahili yotchedwa Jambo OpenOffice kumapeto kwa 2004. Asanamasulire menyu, akatswiri a chinenero ndi a makompyuta anakhala pansi kukonza m'ndandanda wa mawu a luso la makompyuta m'Chiswahili. Dongosolo loyamba ndi m'ndandanda wa mawu ndi limene magulu ambiri a zinenero amatsata, chifukwa omasulira khumi opanda mgwirizano amabala mayina khumi a chinthu chimodzi.

Kwa oyankhula Chichewa

Ku Malawi zikalata za boma ndi za makampani zimalembedwa kwambiri m'Chingerezi, kotero kuti menyu ya Chingerezi si chopinga choyamba kwa wantchito wa mu ofesi. Chichewa chimalowa pa kuphunzitsa ndi pa kufotokozerana. Gulu lofuna kukonza zothandizira za m'Chichewa lingapindule kwambiri poyamba ndi zinthu zazifupi, monga tsamba limodzi la lamulo la mafayilo ndi malangizo a ongoyamba kumene, kusiyana ndi kuthamangira mawu zikwizikwi a m'pulogalamu.

Likhozanso kukumana ndi mafunso amene Chijeremani sichikumana nawo. Mawu akuti "Save" ndi kusunga, osati kupulumutsa, ndipo zisankho zotere ziyenera kulembedwa kuti aliyense azitsate. Chinenerochi chili ndi chizindikiro chimodzi cha ny pa makompyuta, koma ku Zambia ndi ku Mozambique amalemba c pamene ku Malawi timalemba ch, monga pa dzina lakuti Cinyanja. Chilembo cha ŵ chimafuna fonti imene ili nacho ndi njira yochilembera pa kiyibodi. Pa za kalembedwe ndi matanthauzo pali poyambira: malamulo a kalembedwe ka Chichewa ndi ntchito ya Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, imene inakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja.

Zizindikiro za zothandizira zosanjidwa bwino

Munthu wofuna kudziwa ngati angadalire buku kapena tsamba limene walipeza ayang'ane zinthu zisanu. Lizitchula nambala ya LibreOffice imene likufotokoza, ndi tsiku limene linakonzedwa komaliza. Lizisonyeza tsinde limene linamasuliridwako, kuti wokayika akafananize. Lizikhala ndi gulu kapena munthu wodziwika wolisamalira. Mawu ake azifanana ndi a pa sikirini. Pomaliza, laisensi yake izikhala yolembedwa poyera, kuti bungwe lidziwe ngati lingalisinthe ndi kuligawa. Tsamba losowa zinthu izi, ngakhale litalembedwa m'chinenero chokoma chotani, liyenera kufananizidwa kaye ndi pulogalamu imene ili pa kompyuta lisanaperekedwe kwa ophunzira.